Woyesa Phwete ndi Mng'ono Wake

Panali munthu wina amene ntchito yake inali kumvetsera anthu akamaseka. Musandiyang'ane choncho. Ntchitoyo ilipo, ndipo ndi yomweyi imene mwabwera kudzaphunzira kwa ine. Kampani imene ankagwirako inkapanga zida za pakompyuta zothandiza anthu olemba mapulogalamu, ndipo pofuna kuti anthu amenewa aidziwe, inkatulutsa timakanema toseketsa. Kanema aliyense asanatuluke ankadutsa kaye m'manja mwa munthu ameneyu. Akanena kuti "uyu aseka naye," kanemayo ankapita kwa anthu. Akapukusa mutu, ankabwerera kokakonzedwa. Dzina lake timutche Matewere.

Matewere anali wotopa. Sikuti anali waulesi, ayi. Koma wogwira ntchito pachigayo amafika posamvanso phokoso la chigayocho, ndipo iye zinali zitamuchitikira ndi nthabwala. Nthabwala imodzi ankaionera m'mawa, masana, mawa lake ndi mkuja, mpaka kukoma konse kutha. Khutu lake lokha ndilo linali lakuthwa. Ankatha kusiyanitsa kuseka kochokera m'mimba ndi kuseka kwa pamano ngakhale atafulatira. Anzake akamagubuduka ndi phwete, iye ankangoyang'ana nkhope zawo kuti aone amene wayamba ndi amene akungotsatira. Iye mwini anali atasiya kuseka kuntchito kalekale.

Malo amodzi okha ndi amene anali atamutsalira. Lamulungu lililonse masana, mng'ono wake ankabwera kudzacheza pakhonde. Mng'ono wakeyo dzina lake anali Sitefano, ndipo Matewere ndiye anamulera bambo awo atamwalira. Sitefano anali wolemba mapulogalamu, munthu wofatsa, wosakonda kuonekera pagulu. Anali ndi zinthu ziwiri zimene aliyense womudziwa ankazidziwa. Akakhala pamalo pamene mtima wake wakhazikika, kaya ndi pakompyuta kaya pakhonde la mkulu wake, ankavula nsapato n'kuzikankhira pansi pa mpando. Ndipo akachita mantha ankachita chibwibwi, lilime n'kumangika pa mawu oyamba osatha kupitirira.

Chachitatu ankachidziwa Matewere yekha, ndicho kaseke ka Sitefano. Sitefano akaseka zenizeni sipamveka mawu. Mapewa okha ndiwo amagwedezeka, misozi n'kumatsika, iye n'kugwira mkono wa mkulu wake n'kumaufinya mpaka kupweteka. Kwa anthu ena ankangomwetulira. Matewere, amene sabata yonse ankakhalira kumva kuseka kogula ndi kopemphetsa, akamva dzanja lija pamkono pake nayenso ankayamba kuseka. Ankadziwa kuti pa zonse zimene anali nazo, ichi chokha ndicho sichinali cha ntchito. Gwirani pamenepo, chifukwa ndicho chimene nkhaniyi ikunena.

Lamulungu lina Sitefano anabwera ali duu. Anakhala, anavula nsapato, anasenda nzimbe n'kungoigwira m'manja osatafuna. Matewere sanamufunse. Patapita nthawi Sitefano anayamba yekha kufotokoza.

Olemba mapulogalamu amakhala ndi malo awiri ogwirira ntchito mkati mwa kompyuta. Ena ndi oyeserera, mmene ungaphwanye chilichonse popanda wolira. Ena ndi enieni, mmene muli zinthu za anthu. Malo awiriwa amafanana ngati mapasa. Lachisanu lina madzulo, atatopa, Sitefano anafuna kusesa zinyalala m'malo oyeserera aja. Analemba lamulo lofufuta, anadina. Anali m'malo enieni. Mayina onse a alimi a kopaletivi ina, ndi mbewu zimene aliyense analandira, zinapita nthawi yomweyo. Anathamangira kukayang'ana kope losungira, limene iwo amati bakapu, n'kupeza kuti linasiya kalekale kusunga ndipo palibe amene anazindikira.

Anadzambatuka osavala nsapato, kuthamanga kudutsa ofesi yonse mpaka pakhomo la mkulu wa pantchito pake. Atafika pamenepo lilime linakana. Ankafuna kunena kuti wafufuta, koma chimene chinkatuluka chinali "nda, nda, nda" basi. Mkulu uja ataona munthu wopanda nsapato, maso ali psuu, akulephera kulankhula, anaganiza kuti kwagwa maliro. Anamukhazika pampando, anamupatsa madzi, n'kuyamba kumupepesa kuti zonse ndi Mulungu, alimbe mtima.

Atafika pamenepa pofotokoza, mapewa a Sitefano anayamba kugwedezeka. Anagwira mkono wa Matewere. Anaseka awiriwo mpaka nzimbe inagwera m'dothi. Kenako Sitefano anapukuta m'maso n'kumaliza nkhaniyo ndi mawu otsika. Anati ntchito sinamuthere, koma anakhala masiku ambiri akulembanso mayina aja kuchokera pamapepala. Anzake a m'makampani ena atamva anabwera okha kudzamuthandiza, osaitanidwa, poti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Anati panali m'mawa wina umene anaima pageti la ofesi n'kulephera kulowa chifukwa cha manyazi.

"Anzanga akudziwa, koma satchula," anatero. "Kupatula iwo ndauza inu nokha, achimwene."

Panapita miyezi. Kenako kunamveka kuti kukhala msonkhano waukulu wa olemba mapulogalamu a m'tauni monse, ndipo bwana wa kampani ya Matewere anafuna kanema woti akaonetse kumeneko. Anatsekera antchito ake m'chipinda cha misonkhano kuti aganize. Inu misonkhano imeneyi simunaidziwebe, muidziwa. Kunja kukutentha, fani ikungozunguza mpweya womwewo, aliyense akutchula nthabwala imene anaiona kwina n'kumayesa ngati ndi yake. Bwana ankakana zonse. Tsiku linapendeka, anthu njala itawagwira, bwana n'kunena kuti palibe atuluke asanapeze nkhani.

Matewere ankangofuna kupita kunyumba. Palibe chifukwa china chimene ndingakupatseni. Sanali woipa mtima, sankadana ndi mng'ono wake, ankangofuna kuti chitseko chija chitseguke. Anati, "Pali nkhani ina imene ndinamva." Anaifotokoza yonse, nsapato, chibwibwi, madzi akumwa, chipepeso cha maliro. Dzina sanatchule. Mumtima mwake ankati ukapanda kutchula dzina ndiye kuti wabisa munthu.

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Bwana anamenya tebulo n'kunena kuti yapezeka. Ananenanso kuti mbali ya munthu wofufutayo aisewera iye mwini, poti kusukulu ankachita zisudzo ndipo aphunzitsi ankamuyamikira. Matewere anayesa kunena kuti mwina za chibwibwi azichotse. Bwana anati mchere wa nkhaniyo uli pomwepo, ukachotsa pamenepo watsala ndi madzi. Matewere sanabwerezenso.

Kanema anajambulidwa. Bwana anavula nsapato zake zonyezimira, anathamanga m'khonde la ofesi atatukula manja, anachita "nda, nda, nda" atatong'ola maso mpaka malovu kutuluka. Kunena zoona anasewera ndi mtima wonse. Kanemayo atamalizidwa anaitana antchito onse kuti aonere. Bwanayo anakhala kutsogolo, koma sankayang'ana kanemayo. Anali atatembenuza mpando, akuyang'ana nkhope za anthu.

Onse anaseka. Nanga akanatani? Kuseka kumeneko mukukudziwa, nanunso mwandichitirapo m'mawa uno. Kumayamba bwana akayamba, kumatha bwana akapukuta m'maso. Kumamveka kwambiri koma mapewa sagwedezeka. Si bodza kwenikweni, ndi ulemu, ndipo tonse tinaleredwa nawo. Wamkulu akaponya nthabwala suisiya igwe pansi. Koma poyesa kanema, kuseka kumeneko kulibe ntchito, ndipo Matewere ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense m'chipindamo.

Choncho anatsata lamulo lake la masiku onse, loti kanema wopangira olemba mapulogalamu akaonedwe ndi olemba mapulogalamu, kumalo kwawo, bwana kulibe. Ofesi yapafupi ya anthu otere inali yongowoloka msewu, yoyenda pansi. Ndi kumene ankagwira ntchito Sitefano. Matewere anaima pageti ndi laputopu m'chikwama, anayang'ana tsidya la msewu, kenako anakwera minibasi yopita mbali ina ya tauni. Anadziuza kuti akufuna anthu osamudziwa, kuti asamuchitire manyazi. Mukamva munthu akudzifotokozera yekha chifukwa chokwerera minibasi, dziwani kuti chifukwa chenicheni ndi china.

Kumene anapitako kunali chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Munali anthu ochepa, aliyense ataweramira kompyuta yake, mahedifoni kumakutu. Wowatsogolera anali mayi Nangondo, mayi wa imvi zoyamba kumene, amene anakhala pantchitoyi zaka zambiri. Matewere anawagulira mandasi panjira. Anamulandira bwino, anasendeza mipando, ena anangovula hedifoni ya khutu limodzi. Anayatsa kanema n'kukaima pambali, pomwe akanatha kuona nkhope zonse.

Kanema asanapite patali, mmodzi anatambasula dzanja n'kumuimitsa. Anafuna kuwerenga zimene zinali pasikirini ya kompyuta ya bwana uja m'kanemamo. Anthu amenewa amatero nthawi zonse, musadzadabwe. Mukawaonetsa munthu ali pakompyuta, iwo sayang'ana munthuyo, amayang'ana kompyutayo. Anawerama onse, anawerenga, n'kupeza kuti ndi zilembo zongomwaza, zopanda mutu. Wina anangoti, "Chabwino, pitirizani." Palibe amene anakwiya. Koma Matewere anaona kuti kuyambira pamenepo ankaonera ngati anthu oonera mlendo akuvina gule wakwawo.

Itafika mphindi yodina ija, mmodzi anakoka mpweya m'mano. Wina anagwira laputopu yake mosazindikira, ngati akuitchinjiriza. Bwana atayamba kuthamanga wopanda nsapato, m'chipindamo munangoti zii. Atayamba "nda, nda, nda," mnyamata wina wandevu anayang'ana pansi, mayi Nangondo anapinda manja pachifuwa. Kanema anatha. Kenako anaseka pang'ono, onse pamodzi, poti mlendo anali atabwera ndi mandasi. Matewere anakuzindikira kusekako. Kunali komwe kuja anakusiya ku ofesi, kungoti kuno kunali kofooka.

Anayamba kulongedza. Ali mkati mokulunga chingwe, wandevu uja anayankhula, osati kwa iye koma kwa anzake. Anati iye tsiku lina anatumiza uthenga woyeserera, wolembedwa zopusa zokhazokha, kwa makasitomala onse a kampani ina, kuphatikizapo apongozi ake. Mnzake anayamba kuseka. Wina anati zimenezo n'zochepa, iye anazimitsa makina olipirira a sitolo ina tsiku lomwe anthu alandira, anthu ali pamzere mpaka panja. Mayi Nangondo anati nonsenu ndinu ana, iwo anafufutapo ntchito ya chaka chathunthu n'kukabisala kuchimbudzi mpaka mlonda anagogoda. Pamenepo chipinda chinaphulika. Wina anagwa pampando, wina ankamenya tebulo mpaka mandasi kudumpha, wandevu uja misozi ili chuchuchu.

Matewere anaima chikwama chili paphewa. Nkhani inali yomweyo. Kufufuta komweko, mantha omwewo, manyazi omwewo. Ya m'kanema inawaumitsa pakamwa, ya pakamwa pawo inkawapha ndi phwete. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchitoyi anali asanaonepo zinthu ziwirizi zitagundizana chonchi m'chipinda chimodzi.

Mayi Nangondo anamuperekeza. Atafika pakati pa masitepe anaima.

"Bambo Matewere, munayamba mwakhalako kumanda adzukulu akukumba?"

Iye anati inde.

"Ndiye mukudziwa nthabwala zimene zimaponyedwa m'dzenje muja. Amaseka ngakhale malemuwo, ndipo palibe amawaletsa, chifukwa dothi lili kumapazi kwawo. Koma abwere wina wa suti yoyera, aime pamphepete, abwereze nthabwala yomweyo. Muona mmene makasu aimire. Ife tonse tinalowamo m'dzenje limenelo. Abwana anuwo sanalowemo."

Matewere anagwedeza mutu n'kuyamba kutsika. Mayi aja anamuitananso, mawu atatsitsa.

"Chinanso. Wovula nsapato wachibwibwi m'tauni muno ndi mmodzi yekha, ndipo tonse timadziwana. Ine ndinali nawo polembanso mayina a alimi aja. Ndi mng'ono wanu, si choncho? Iye wamuona kanemayu?"

Matewere anatsika masitepe otsalawo n'kutuluka padzuwa.

M'minibasi anakonza mawu oti akanene. Anali mawu abwino. Akanati, bwana, kanemayu sagwira, anthu aja saseka munthu wakunja akamaseka bala lawo. Akanati, komanso nkhaniyi ili ndi mwini wake, ndipo ndinaitenga popanda chilolezo. Anawabwereza mawuwo njira yonse, kondakitala akumukankha ndi chigongono, mwana wa mayi wina akumupondaponda pabondo. Potsika anali atawaloweza.

Anapeza bwana ali mu ofesi, foni m'manja, akudzionera yekha akuthamanga wopanda nsapato. Anali atatumiza kale kanemayo kwa mkazi wake ndi kwa anzake a kutchalitchi. Malo pamsonkhano anali atalembetsa kale, ndipo msonkhanowo unali mkuja. Anadzutsa mutu, nkhope ili ngwee ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Bwanji, anaseka?"

Matewere anaona zonse zimene zikanatsatira atanena zoona. Anaona nkhope ija ikugwa. Anaona chipinda cha misonkhano chija, fani ija, kuyambanso kuganiza kuchokera poyamba ndi masiku awiri okha. Anaona akufunsidwa kuti nanga nkhaniyo anaitenga kuti, ndipo bwanji sananene kale. Miyendo inkamuwawa, malaya atamatira kumsana ndi thukuta. Mawu onse aja anali pakamwa, okonzeka.

"Anaseka, bwana," anatero.

Basi, ndi pomwepo. Sanakakamizidwe, sanaopsezedwe. Anali ndi khutu labwino kuposa aliyense, anali atamva zoona ndi makutu ake, anali atachenjezedwa pamasitepe ndi munthu wodziwa. Anangotopa. Ndimati ndikafika pamenepa ndimakwiya naye, komanso ndimamumvera chisoni, chifukwa kutopa kumeneko ndikukudziwa. Popita kunyumba anatulutsa foni kuti aimbire Sitefano, anayang'ana dzinalo, n'kuibwezera m'thumba. Anadziuza kuti Sitefano sakonda misonkhano, sabwera.

Sitefano anabwera. Anabwera chifukwa anamva kuti kampani ya achimwene ake ikaonetsa kanthu, ndipo anafuna kukawaombera m'manja. Linali Loweruka masana, holo itadzaza. Anakhala pakati, pamodzi ndi anzake, ndipo ataona mkulu wake ataima kukhoma anakweza dzanja n'kumwetulira. Matewere anakwezanso lake. Anaona kuti mng'ono wake wavula kale nsapato n'kuzikankhira pansi pa mpando, poti anali pakati pa anthu ake.

Anazimitsa magetsi a m'holo, kanema anayamba. Mzere wakutsogolo, kumene kunakhala bwana ndi antchito ake, unayamba kuseka pa nthawi yake. Kumbuyo konse kunali chete. Akutsogolo aja anasekabe pang'ono, kenako anayamba kumva kuti akuseka okha, ndipo mmodzimmodzi anasiya. Anatsala bwana. Pofika pa "nda, nda, nda," nayenso anali atatseka pakamwa, ndipo mawu ake okha a m'kanema ndiwo ankamveka m'holo monse.

Matewere sankayang'ana kanema. Ankayang'ana makosi a anthu. Panalibe ngakhale mmodzi amene anatembenuka kuyang'ana Sitefano. Amene anakhala naye pafupi anaumitsa makosi, maso kutsogolo, ngati asilikali. Apo ndi pamene anadziwa kuti holo yonse yamuzindikira. Anthu akapanda kudziwa amayang'anayang'ana. Akadziwa, n'kumakukonda, amayang'ana kumbali.

Sitefano anawerama pang'onopang'ono. Anakoka nsapato zake, anavala, anamanga zingwe bwinobwino. Sanatuluke. Anakhala mpaka kanema anatha, kuti asachititse manyazi mkulu wake pagulu. Magetsi atayaka anaomba m'manja pamodzi ndi ochepa amene anaomba. Kenako anaimirira, anadutsa pakati pa mipando akupepesa amene ankawaponda, n'kutuluka pakhomo lakumbuyo.

Mwina mukudikira kumva kuti Matewere anachotsedwa ntchito. Ayi. Lolemba bwana anati olemba mapulogalamu ndi anthu ouma, osadziwa kuseka, ongodziwa makina. Onse mu ofesi anavomereza. Kanemayo anachotsedwa mwakachetechete, ndipo palibe amene anafunsa Matewere kuti khutu lake linali kuti. Ntchito yake inatsala mmene inalili. Chimene ankaopa kutaya sanataye.

Koma ndadumpha tsiku. Pakati pa Loweruka ndi Lolemba pali Lamulungu.

Lamulungu limenelo Matewere anagula nzimbe n'kukhala pakhonde. Ankayembekeza chimodzi mwa ziwiri, kuti mng'ono wake sabwera, kapena abwera ndi mkwiyo. Zonsezi anali wokonzeka kuzilandira. Ankafuna ndithu atakalipiridwa, atanenedwa mawu opweteka, kuti apeze popepesera. Sitefano anafika pa nthawi yake ya masiku onse. Anapereka moni mwaulemu, anafunsa za alamu ake ndi ana, anakhala pampando wake uja. Nsapato sanavule.

"Za dzulo zija, mng'ono wanga," anayamba Matewere.

"Palibe kanthu, achimwene. Ndi ntchito."

Anayankha mosalala, popanda chibwibwi ngakhale pang'ono. Anatenga nzimbe, anasenda, anatafuna. Anakamba za kutentha, za mvula imene ikuchedwa, za msewu umene akukonza. Matewere anayesanso kubwerera ku nkhani ija, Sitefano anaibweza ndi mawu omwewo, mofatsa, monga mmene mng'ono amayankhira mkulu amene anamulera. Panalibe pogwira.

Kenako Matewere anachita chimene ankachita nthawi zonse. Anakumbutsa nkhani ya amalume awo amene anamangirira mbuzi panjinga kupita nayo kumsika, mbuzi n'kudya chipewa chawo ali m'njira, iwo osadziwa mpaka anafika. Nkhani imeneyi inali isanalepherepo. Kuyambira ali mwana, Sitefano akangomva za chipewa mapewa ankayamba okha.

Sitefano anaseka. Anaseka mokweza, momveka bwino, pamalo oyenera. Anayamba mkulu wake atayamba, anasiya mkulu wake atasiya. Mapewa anali phee. Manja onse awiri anali pamawondo ake.

Munthu wina aliyense akanati zatha bwino, abale agwirizana. Koma Matewere ntchito yake inali imeneyi. Akanatha kukuzindikira kusekako ngakhale atafulatira. Anakumva kwa antchito pamaso pa bwana, anakumva pamwamba pa sitolo ya zitsulo chifukwa cha mandasi, ndipo tsopano ankakumva pakhonde pake, kuchokera kwa mwana amene anamulera. Anayang'ana mkono wake pamene dzanja lija linkafinya. Anapitiriza kutafuna nzimbe, poti panalibenso china choti achite.

Sitefano amabwerabe Lamulungu lililonse. Sanaphonyepo. Pakagwa vuto amathandiza, pamaliro amakhalapo, ana a mkulu wake amawakonda. Akuluakulu ananena zoona kuti chibale ndi fupa, sichiola. Kungoti fupa lokhalokha silikhutitsa munthu. Matewere amaponyabe nthabwala, ndipo mng'ono wake saisiya igwe pansi. Amaseka nthawi zonse, nsapato zili kumapazi.

Tsopano inu. M'mawa uno mwandibweretsera kanema wanu woseka wolemba mapulogalamu amene wagona pakiyibodi ya kompyuta, ndipo mwandiuza kuti ofesi yonse inafa ndi phwete. Ndatopa nako kumva mawu amenewo. Musandiuze kuti anaseka angati. Ndiuzeni kuti pamene ankaseka, ndani anali m'chipindamo amene sakanatha kumukhumudwitsa. Ndiuzeni ngati woponya nthabwalayo ali ndi dothi kumapazi, kapena waima pamphepete ndi suti yoyera. Olemba mapulogalamu amaseka, ndipo amaseka kwambiri, koma amaseka ndi amene analowamo nawo m'dzenje.

Ndipo nkhani iliyonse yoseketsa ili ndi mwini wake. Wogona pakiyibodi wanuyo simunamulote, munamuona penapake, ali ndi dzina. Dzifunseni ngati mungakhale naye pampando umodzi kanemayo akuonetsedwa. Mukapeza kuti miyendo yanu ikufuna minibasi yopita mbali ina ya tauni, ndiye kuti yankho mwalidziwa kale, ndipo ine mukungondivutitsa.

Tengani laputopu yanu, mukamuonetse iyeyo kaye. Muyang'ane mapewa ake, osati mano. Ine mundipeza pompano.